Ulendo wa ku Zanzibar: hotela ya mbali iti, ndipo ndalama zina zimathera kuti?

Anabanda: Moni nonse pagulu pano. Anthu awiri tikufuna kukapuma ku Zanzibar masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, pa hotela yapamwamba ya m'mphepete mwa nyanja, kunyamukira ku Lilongwe. Pa intaneti mahotela onse akungofanana, mchenga woyera mbee ndi madzi obiriwira. Odziwa tithandizeni. Tisankhe dera liti, mwezi uti, ndipo kupatula tikiti ndi chipinda, n'chiyani china chimadya ndalama?

Achisale: Anabanda, musanakopeke ndi dzina la hotela, yambani mwatsegula mapu muone mbali ya chilumba imene hotelayo ili. Kumene alendo ambiri amapita ndi pa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, ndipo magombe ake ndi osiyana kwambiri. Nkhani yagona pa kuphwa ndi kudzaza kwa nyanja. Ife tinazolowera nyanja yathu, imene madzi ake umawapeza madzulo pomwe unawasiya m'mawa. Nyanja yamchere imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Kum'mawa kwa Unguja, ku Matemwe, Kiwengwa, Pongwe, Bwejuu, Paje ndi Jambiani, pansi pa nyanja ndi pathyathyathya mpaka kukafika ku matanthwe a korali amene ali kutali, ndiye madzi akaphwa amathawa mamita mazanamazana, malo ena kupitirira kilomita. Kwa maola angapo kutsogolo kwa hotela kumangotsala mchenga wonyowa, miyala, ndere ndi timadzi tolekeza m'akakolo. Zithunzi mukuzionazo amajambula madzi atadzaza. Ku Nungwi ndi ku Kendwa, kumpoto, gombe limatsetsereka msanga ndipo mumasambira nthawi iliyonse, makamaka ku Kendwa. Kumenekonso ndi kumene mumaona dzuwa likulowera m'madzi. Ngati cholinga chanu ndi kudzuka n'kulowa m'nyanja, sankhani kumpoto basi.

Ambewe: Achisale mwafotokoza bwino, koma musawaopseze ndi kum'mawa. Ku Nungwi n'kodzaza anthu, maboti, nyimbo usiku ndi ogulitsa malonda pagombe. Munthu amene akulipira ndalama zambiri kuti apume nthawi zambiri amafuna bata, ndipo bata lili ku Matemwe, Pongwe ndi Bwejuu. Kuphwa kwa madzi si ngozi yodzidzimutsa, kuli ndi ndandanda yake. Lembani pa Google kuti tide table Zanzibar, muike masiku anu, muona ola limene madzi adzadzaze. Tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako pafupifupi mphindi 50. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala kuti sukuoneka n'komwe, ndi pamene madzi amadzaza kwambiri ndi kuphwa kwambiri, kusiyana kwake kumayandikira mamita 4. Masiku amenewo madzi amaphwa chakumasana, nthawi yomwe mukufuna kusambira, n'kudzaza m'mamawa ndi chakumadzulo. Mwezi ukakhala theka kusiyanako kumachepa. Chofunika ndi chakuti hotela ya kum'mawa ikhale ndi dziwe losambira lalikulu, osati kadziwe kongojambulirapo.

Achisale: Apo ndavomera. Ndingoti amene sanaonepo nyanja yamchere agawe masiku: awiri kapena atatu kum'mawa, otsalawo ku Kendwa.

Ambewe: Kugawako kumadya tsiku limodzi komanso takisi ina. Pa masiku asanu okha ine sindingalangize zimenezo, koma asankhe eni ulendo.

Anankhoma: Ine ndilowe pa za mapepala, chifukwa apa ndi pamene anthu amataya nthawi pa bwalo la ndege. Wa pasipoti ya Malawi safuna viza polowa ku Tanzania, dziko limene Zanzibar ndi gawo lake, chimodzimodzinso wa Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi yosachepera 6. Ngati mnzanu woyenda naye ali ndi pasipoti ya ku Britain, iyeyo viza imafunika.

Chachiwiri ndi inshulansi. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar limafuna kuti mlendo wochokera kunja agule inshulansi ya Zanzibar Insurance Corporation, ngakhale ali kale ndi ina yochokera kwawo. Mtengo umene anaukhazikitsa mu 2024 wa munthu wamkulu unali $44, ndipo imagwira ntchito masiku 92. Gulani pa webusaiti yawo musananyamuke, lembani bwino dziko la pasipoti yanu, ndipo akakutumizirani QR code muisunge pa foni komanso muisindikize papepala. Mukadikira kukagula mutafika, mukaima pa mzere wina anzanu akutuluka. Samalani ndi mawebusaiti ena amene amadzipanga ngati a boma n'kuwonjezerapo ndalama zawo.

Chachitatu ndi khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene kuli matendawa, koma Kenya ndi Ethiopia alipo. Ngati ndege yanu yadzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa ndipo mwakhalako maola opitirira 12, khadilo likufunika. Katemerayu amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 chibayitsireni, ndiye si chinthu chothamangira mawa lake mukunyamuka. Mukabayitsa kamodzi ndi wa moyo wonse. Amene muli nalo kale khadi, ingolitengani ngakhale mwadzera njira ina.

Anabanda: Zikomo kwambiri Anankhoma, za inshulansiyi ndimazimva koyamba. Nanga njira yabwino kuchokera ku Lilongwe ndi iti? Ena akuti tikwere boti ku Dar es Salaam.

Angozo: Njira yachidule ndi ndege ya Lilongwe kukafika ku Dar es Salaam, imene Malawi Airlines imayendetsa, kenako musankhe ndege ina kapena boti. Ndege ya Dar kupita ku Abeid Amani Karume International Airport, bwalo la ndege la ku Zanzibar, ndi mphindi pafupifupi 20. Koma onani kukula kwa ndegeyo, chifukwa zing'onozing'ono zina zimalola makilogalamu 15 okha ndipo zimafuna chikwama chofewa, osati sutikesi yolimba.

Boti lothamanga la Azam Marine limatenga maola pafupifupi awiri n'kukaima pa doko la Stone Town, tauni yakale ya pa Unguja. Kwa amene sakhala ku Tanzania, mpando wamba uli cha m'ma $35, ndipo pali magulu ena okwererapo mtengo. Tikiti gulani pa intaneti kapena pa ofesi yeniyeni ya kampaniyo mutanyamula pasipoti. Panja pa doko pamakhala anyamata ambiri okulanda chikwama n'kumati akuperekezeni ku ofesi, kenako n'kukufikitsani pa kasitolo kena kamene kawonjezera mtengo. Boti lomaliza limanyamuka cha m'ma 4 koloko masana. Kuchokera ku bwalo la ndege la Julius Nyerere ku Dar kukafika pa doko si patali, koma magalimoto a mu Dar amatha kukuimitsani ola lathunthu, ndiye ngati ndege yanu itera 1 koloko itadutsa musadalire boti la tsiku lomwelo. Mukafika ku Zanzibar mudutsanso kwa a imigireshoni ngakhale munadindidwa kale ku Dar, pasipoti isakhale pansi pa chikwama.

Za basi yodzera pa Songwe ndi ku Mbeya, zimatheka ndipo n'zotchipa, koma ndi ulendo wopitirira tsiku lathunthu mbali imodzi. Pa tchuthi cha masiku asanu mungakafike kukagona tulo basi.

Anaphiri a ku Joni: Amene muli kuno ku South Africa, FlySafair ili ndi ndege yolunjika kuchokera ku Johannesburg, ulendo wosakwana maola anayi. Ndipo nonse kumbukirani kuti Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Malawi ndi kuno.

Angozo: Pa za nthawi pomwepo, pali msampha wina. Olankhula Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba. Dalaivala akanena ola lachitatu akutanthauza 9 koloko. Mukamagwirizana nthawi yokutengani kupita ku bwalo la ndege, lembani pa WhatsApp m'manambala, monga 09:00, iye avomere molemba.

Achisale: Za mwezi. Mvula yaikulu imagwa kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Meyi, ndipo Epulo ndiye pachimake. Mitengo imatsika kwambiri, koma mahotela ena amatseka kuti akonze zipinda, ndipo mutha kukhala masiku atatu osaona dzuwa. Mvula yaing'ono ndi ya Novembala mpaka kumayambiriro kwa Disembala, imagwa kanthawi n'kukata. Juni mpaka Okutobala ndi nyengo youma komanso yozizirirako, ndi imene ambiri amaikonda. Pa nthawiyi kumaomba mphepo yotchedwa kusi, yofanana ndi mwera wathu wa kunyanja, ndipo imavundula madzi pakati pa Dar ndi Unguja makamaka masana. Amene amachita nseru pamadzi akwere boti la m'mawa ndipo amwe mankhwala a nseru ola limodzi asanakwere, osati atayamba kale kumva chizungulire. Disembala mpaka Febuluwale kumatentha zedi, kumaomba kaskazi yochokera kumpoto chakum'mawa. Ku Paje mphepo ziwirizi ndi zimene zimakokera anthu a kitesurfing, masewera othamanga pamadzi mokokedwa ndi kaiti, moti wofuna kungosambira mwabata kumeneko amapanikizana ndi makaiti. Kwa ine nthawi yabwino ndi Seputembala kapena Okutobala: nyengo ili bwino, khamu la azungu a tchuthi cha Julayi ndi Ogasiti labwerera. Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano pewani ngati mungathe. Mahotela ambiri amakweza mtengo, amafuna kuti mugone masiku angapo osachepera amene aika, ndipo amawonjezera ndalama ya phwando la chakudya chamadzulo ngakhale simukulifuna.

Anankhoma: Onaninso ngati masiku anu sakugwera mu Ramadan, imene imabwera mofulumirako ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu. M'kati mwa hotela zonse zimayenda mwa masiku onse, koma mu Stone Town ndi m'midzi malo ambiri odyera amatseka masana, ndipo kudya, kumwa kapena kusuta mukuyenda mumsewu ndi chipongwe. Ngakhale si Ramadan, zovala zosambira ndi za pagombe ndi pa hotela pokha. Mu 2021 boma linalengeza chindapusa kwa alendo oyenda m'tauni ndi m'midzi osavala mokwanira. Phimbani mapewa ndi mawondo, abambo omwe. Chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhani yonseyi.

Anabanda: Chitenje chokha ndiye sichingasowe. Tsono tifike pa ndalama, akuluakulu. Full board ndi all inclusive zikusiyana pati, ndipo zoona kuti ukalipira all inclusive sutulutsanso kanthu?

Ambewe: Si zoona, achemwali. Bed and breakfast ndi chipinda ndi kadzutsa. Half board amawonjezera chakudya chamadzulo. Full board ndi zakudya zonse zitatu koma zakumwa mulipira nokha, nthawi zina ndi madzi omwe. All inclusive ndi zakudya ndi zakumwa, koma werengani tizilembo ting'onoting'ono: kawirikawiri ndi zakumwa zopangidwa ku Tanzania zokha monga Kilimanjaro, Serengeti ndi Konyagi, mpaka ola lakutilakuti usiku, ndiponso m'chipinda chodyera chachikulu chokha. Nkhanu zikuluzikulu za lobster, vinyo wa m'botolo, zakumwa za mu furiji ya m'chipinda, kutikita thupi ku spa, kuchapa zovala ndi maulendo a paboti, zonsezi zimalembedwa pa bilu. Njira yosankhira ndi iyi: ngati hotela ili payokha, monga ku Pongwe kapena kumapeto kwa Matemwe, kopanda malo ena odyera oyenda wapansi, tengani all inclusive chifukwa mulibe kothawira. Ku Nungwi, Kendwa ndi Paje malo odyera ali mbwee, half board kapena kadzutsa yekha akukwanirani, ndipo tsiku limene mwapita koyenda simutaya nkhomaliro imene munalipira kale.

Kenako pali msonkho wa boma wa zomangamanga, umene amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse. Mu 2023 anauika pa $5 m'mahotela a nyenyezi zinayi ndi zisanu. Nthawi zambiri sukhala m'mtengo wa pa Booking.com, mumaulipira pa hotela pomwepo. Alembereni imelo musanalipire, muwafunse zinthu zinayi: msonkhowu ndi zingati pakali pano, mtengo wa galimoto yokutengani ku bwalo la ndege, ngati amadula ndalama yowonjezera polipira ndi khadi, ndiponso ngati ali ndi mtengo wa anthu okhala m'mayiko a SADC. Mtengo wa resident umene mumauona nthawi zambiri ndi wa anthu a East African Community, kumene Malawi kulibe, koma mahotela ena ali ndi wa SADC ndipo sautchula mukapanda kufunsa.

Chipindanso: sea view ndi kuona nyanja, mwina chapatali pakati pa mitengo ya kokonati. Beachfront ndi kutuluka pakhomo n'kuponda mchenga. Kusiyana kwa mtengo ndi kwakukulu, ndiye pemphani mapu a hotelayo.

Angozo: Vuto lalikulu kwa ochokera ku Malawi ndi forex. Kwacha sasinthika ku Zanzibar, musavutike kunyamula. Pitani ku banki kudakali milungu ingapo ndi tikiti ndi pasipoti, mufunsenso malire a khadi lanu kunja kwa dziko, pa tsiku ndi pa mwezi. Chimene chimagwetsa anthu ndi ichi: hotela imatsekereza ndalama ina pa khadi ngati chikole mukamalowa, ndalamayo imawerengedwa pa malire anu, ndipo pobwera kudzalipira bilu yomaliza khadi limakana. Chikolecho chimatha kutenga masiku kapena milungu kuti chibwerere. Ngati n'kotheka lipiriranitu chipinda muli kumudzi, ndipo chikole mupereke ndi ndalama zapamanja n'kulandira risiti.

Madola akhale osang'ambika, osalembedwa, osindikizidwa kuyambira 2009 kubwera kuno. A $50 ndi $100 amasinthidwa pa mtengo wabwino kuposa ang'onoang'ono. Kuyambira 2025 malamulo a Bank of Tanzania amafuna kuti malonda a m'dzikomo azichitika m'mashilingi, choncho sinthani ndalama ku banki kapena ku bureau, ku bwalo la ndege kapena mu Stone Town, musanapite kugombe. Ma ATM ambiri amatulutsa mashilingi osapitirira 400,000 nthawi imodzi, ndipo pepala lalikulu ndi la 10,000. Ku Nungwi ndi ku Paje ma ATM alipo koma amatha ndalama, makamaka kumapeto kwa sabata.

Anaphiri a ku Joni: Takisi kuchokera ku bwalo la ndege kupita ku Nungwi ndi makilomita pafupifupi 60, ola ndi theka. Ku Paje ndi pafupifupi ola. Galimoto ya hotela imakhala yodula kuposa takisi wamba, koma ngati mukutera usiku ilipireni, chifukwa mahotela ambiri ali kumapeto kwa tinjira tafumbi topanda zikwangwani. Matumba apulasitiki ndi oletsedwa ku Tanzania kuyambira 2019, musakulungire nsapato m'majumbo. Mapulagi a magetsi ndi ofanana ndi a ku Malawi, a mano atatu.

Achisale: Tibwerere ku madzi pang'ono, chifukwa wozolowera ku Mangochi kapena ku Salima amadzidalira mopitirira. Likodzo kulibe m'nyanja yamchere, ng'ona ndi mvuu kulibenso. Zimene zilipo ndi tinyama taminga totchedwa sea urchin, timene timabisala m'miyala ndi m'ndere madzi akaphwa. Gulani nsapato za rabala zolowera m'madzi. Mukapondapo, viikani phazi m'madzi otentha amene mungathe kupirira, zulani minga yoonekera ndi kopanira, yotsalayo musaikumbe ndi singano chifukwa imathyokathyoka. Pakatupa kapena munga ukalowa pa mfundo ya chala, pitani kuchipatala. Mukamayenda pamchenga kupita ku matanthwe madzi ataphwa, dziwani ola limene abwerere ndipo tembenukani nthawi isanakwane, chifukwa amayamba kudzaza m'makwawa a kumbuyo kwanu inu muli pouma. Ku Paje ndi Jambiani muona timitengo ndi zingwe m'madzi: ndi minda ya amayi olima ndere zogulitsa, musapondemo kapena kuwajambula osapempha.

Dzuwa limawotcha khungu lakuda lomwe, makamaka mapewa ndi msana posambira ndi magalasi a m'madzi. Dzolani mafuta a SPF 30 kapena kupitirira, mubwereze mukatuluka m'madzi. Madzi a pampopi musamwe. Malungo ndi ochepa kusiyana ndi kwathu koma alipo, ndipo amene mwakhalitsa ku Britain kapena ku Joni musadzinamize kuti thupi likadali lozolowera, kaonaneni ndi dokotala za mankhwala oteteza.

Anabanda: Nanga zokaona? Sitikufuna kuthamangathamanga, ziwiri kapena zitatu zokha.

Anankhoma: Stone Town ipatseni tsiku, ndipo ngati mungathe gonanimo usiku womaliza, muyandikire bwalo la ndege. UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2000. Kwa Mmalawi, malo osayenera kuwadumpha ndi tchalitchi cha Anglican cha Christ Church ku Mkunazini, chimene chinamangidwa pamene panali msika wa akapolo wotsekedwa mu 1873. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo ankachokera kwathu kuno: ankawaolotsa nyanja kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota, n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, kenako m'zombo kupita ku Zanzibar. M'tchalitchimo muli mtanda wopangidwa ndi mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Tengani woperekeza alendo wokhala ndi chiphaso, muwerengenso zolembedwa m'nyumba ya chionetsero imene ili pambali. Madzulo pitani ku Forodhani kumene amawotcha zakudya panja. Funsani mtengo musanaloze chakudya, ndipo sankhani chimene akuchiphika inu mukuona, osati nsomba zimene zakhala patebulo kuyambira masana.

Ambewe: Zapamadzi, sankhani chimodzi. Mukakhala kumpoto kapena ku Matemwe, pitani ku matanthwe ozungulira Mnemba. Chilumbacho ndi cha hotela ya andBeyond, simuloledwa kutsikirapo, mumangosambira m'mbali mwake. Nyamukani m'mamawa maboti asanachuluke. Mukakhala kummwera kapena m'tauni, ulendo wa paboti wa Safari Blue wonyamukira ku Fumba ndi wa tsiku lonse, ndi nkhomaliro yomwe. Anyamata a pagombe amagulitsa maulendo omwewa motchipa, ndipo ena amagwira ntchito bwino, koma musapereke ndalama yonse dzulo lake. Gwirizanani molemba ngati mtengowo ukuphatikiza galimoto, ndalama yolowera m'malo otetezedwa, magalasi ndi zipsepse zosambirira, ndipo muone majekete oyandamitsa ndi maso anu musanakwere. Boti lopanda majekete lisiyeni ngakhale mwalipira kale theka. Korali ndi zigoba zikuluzikulu musagule, angakulandeni potuluka.

Angozo: Ngati muli kum'mawa, nkhalango ya Jozani ili pa msewu wa ku Paje, ndipo maola awiri akwanira kuona apusi ofiira a red colobus amene kwawo ndi ku Zanzibar kokha. Muphatikize ndi tsiku limene mukupita kapena kuchokera ku Stone Town kuti takisi ikhale imodzi. Ndipo ngati wina wa inu ayesa kumira ndi mabotolo a mpweya, asachite pa tsiku lomaliza: pafunika maola 24 pakati pa kumira komaliza ndi kukwera ndege, ngakhale kandege ka mphindi 20 kopita ku Dar.

Anabanda: Zikomo nonse. Tikuganiza za kumapeto kwa Seputembala, mausiku anayi ku Kendwa pa half board, umodzi mu Stone Town. Kupita pa ndege, kubwerera pa boti la m'mawa.

Angozo: Zili bwino, koma tikiti ya botilo mugule dzulo lake, ndipo pakati pa kufika pa doko la Dar ndi kunyamuka kwa ndege ya ku Lilongwe pakhale maola osachepera anayi. Ngati ndegeyo ndi ya m'mawa, wolokani madzulo ake mukagone ku Dar.